Miyezi iwiri ndi theka

Nditawerenga koyamba za kafukufuku wa Roger Stupp, ndinagwa mphwayi. Ntchito yonseyo, phindu lake miyezi iwiri ndi theka basi?

Nkhani yake ndi ya glioblastoma, chotupa cholusa kwambiri cha muubongo. Stupp ndi anzake a ku Ulaya ndi Canada anagawa pawiri odwala 573 mwamaere. Ena analandira radiotherapy yokha, ena anawawonjezera makapisozi a temozolomide. Zotsatira zinatuluka mu 2005: pagulu loyamba theka la odwala linafika miyezi 12.1 lili moyo, pagulu lachiwiri miyezi 14.6.

Ndinafulumira kuweruza. Patatha zaka ziwiri chilowereni m'kafukufukuyu, odwala 26 pa 100 alionse amene ankamwa makapisozi aja anali akadali moyo, pomwe kwinaku anali 10 okha. Kwa mayi amene akufuna kuona mwana wake akulemba mayeso, zimenezo si zochepa.

Pochiza zotupa za muubongo, chimavuta ndi mpanda. Timitsempha ta magazi ta muubongo n'tolukana zolimba, moti mankhwala ambiri a khansa amabwerera pakhomo. Temozolomide ndi wochepa thupi, amalowa ndithu, n'kukawononga DNA ya maselo a chotupa. Tsoka lake, maselowo ali ndi mmisiri wawo, puloteni yotchedwa MGMT, amene amasoka pomwe mankhwala ang'amba. Mu 2005 momwemo Monika Hegi anasonyeza kuti opindula kwambiri ndi odwala amene m'chotupa chawo jini ya MGMT ndi yozima. N'chifukwa chake masiku ano kachidutswa ka chotupa, dokotala akangokachotsa, kamapita ku labotale kukayezedwa ngati mmisiriyo ali maso kapena ali mtulo.