Nyumba zamiyala za ku Ilha zimafera padenga

Mlendo wochokera ku Angónia kapena ku Zóbuè akaoloka mlatho wautali wolowa pa chilumba cha Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula, amayamba waona nyumba zofolera ndi makuti, masamba a mitengo ya kokonati. Akapitirira chakumpoto amafika mu mzinda wamiyala, kumene kunali likulu la dziko lino mpaka chaka cha 1898.

Nyumba za kumeneko ndi zakalekale, zogundanagundana m'mbali mwa tinjira ting'onoting'ono. Anazimanga ndi chuma cha malonda a golide, minyanga ndi akapolo. Makoma ake ndi okhuthala, a miyala ya m'nyanja yogwirizidwa ndi laimu ndi mchenga. Miyalayo anaikumba kum'mwera kwa chilumba chomwecho, n'chifukwa chake nyumba zambiri zamakuti zili m'munsi mwa msewu, m'maenje amene amadzaza madzi nthawi ya dzinja.

Nzeru yaikulu ya amisiri akalewo ili padenga. Denga ndi lafulati, lokhala pa mitanda yamitengo, ndipo limatchera madzi a mvula n'kuwatsitsira m'chitsime chomangidwa pabwalo la nyumba. Pachilumbapo palibe mtsinje, choncho denga ndilo linkamwetsa banja. Koma denga lomwelo likang'aluka osamatidwa, madzi amalowa, mitanda n'kuola, denga n'kugwera m'kati. Kenaka mbalame zimabweretsa mbewu za mtengo wamtundu wa kachere, umene umamera pakhoma, mizu yake n'kumang'amba miyala mpaka khoma litagawika. Aliyense wofolera nyumba yaudzu mvula isanagwe angamvetse vutoli.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, eni nyumba ambiri anachoka, ndipo mu 1976 boma linatenga nyumba zalendi. Nkhondo imene inatha mu 1992 inathamangitsira anthu ambiri pachilumbapo. Panalibe ndalama zokonzera madenga, ndipo nyumba zambiri zinasanduka mabwinja.

Lamulo nambala 10/88 la chaka cha 1988 limateteza chuma cha mbiri ndi chikhalidwe cha dziko, ndipo mu 1991 bungwe la UNESCO linaika chilumba chonse, mbali yamiyala ndi yamakuti yomwe, pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Motero mwini nyumba sangagumule kapena kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo cha ofesi yosamalira chilumbachi, yotchedwa GACIM.

Apa ndi pamene pamavuta. Mwini nyumba wosauka amafuna simenti, poti amapezeka msanga ndipo mmisiri aliyense amamudziwa. Koma simenti amatsekera chinyontho ndi mchere m'kati mwa khoma, mwala n'kumafumbutuka mobisika, pamene laimu amalola khoma kuuma. Kukonza ndi laimu kumafuna nthawi, mitanda yabwino ndi amisiri odziwa ntchitoyo. Nyumba zina zakonzedwa n'kukhala malo ogona alendo. Zina zikudikirabe, ndipo namondwe Gombe wa mu Malichi 2022 anazipeza madenga ali ong'aluka kale.