Ana a ku Amereka nawo amagwira ganyu yotchipa m'minda

Sukulu zikatsekera mu June ku Amereka, ana ambiri amayamba kusakasaka ganyu. Tchuthi chawo ndi chachitali, pafupifupi miyezi itatu, ndipo chimabwera nthawi yotentha pamene ntchito zam'munda zafika pachimake.

Ku Iowa, Nebraska ndi Illinois, mwezi wa July ndi wothyola ngayaye m'minda ya chimanga cha mbewu. Alimi amene amabzala hayibulidi adziwe kuti mbewu yotere imapangidwa pochotsa ngayaye m'mizere ina kuti mungu uchokere ku mizere yosankhidwa yokha. Makina amadula zambiri, koma zotsala zimafuna manja, ndipo manja ambiri amakhala a ana asukulu amene amalowa m'munda mame asanaume.

Nanga amalandira zingati? Malipiro otsikitsitsa amene boma lalikulu linakhazikitsa ndi madola 7.25 pa ola, ndipo sanasinthe chiyambire 2009. Koma mu 1996 aphungu anatsegula kakhomo kena: munthu wosakwana zaka 20 angathe kulipidwa madola 4.25 okha m'masiku 90 oyamba pantchito. Tawerengani bwino masikuwo. Ndiye tchuthi chonsetu chimenecho! Mwana akamayenera kukwezeredwa, sukulu zatsegulira kale. Zigawo zina, monga California, zili ndi malipiro awoawo okwererapo, koma North Carolina, kuchimake kwa fodya, idakali pa 7.25.

Kumunda ndiye lamulo lija la 1938, lotchedwa Fair Labor Standards Act, linafooka zedi. M'sitolo kapena malo odyera mwana amayamba ntchito ali ndi zaka 14, ndipo pa tchuthi sapyola maola 40 pa sabata. Kumunda angayambe ali ndi zaka 12 makolo akavomera, popanda malire a maola bola isakhale nthawi ya sukulu. Ndalama ya ovataimu kulibe. Mafamu ang'onoang'ono, a antchito ochepa, lamulo la boma lalikulu siliwakakamiza n'komwe kupereka malipiro otsikitsitsa aja.

Mu 2013 bungwe la Human Rights Watch linacheza ndi ana 141 a zaka 7 mpaka 17 ogwira ntchito m'minda ya fodya ku North Carolina, Kentucky, Tennessee ndi Virginia. Ambiri anati amagwira maola 50 mpaka 60 pa sabata, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse anadandaula za nseru, kusanza, mutu ndi chizungulire. Aliyense amene anathyolako fodya wonyowa ndi mame akudziwa matenda amenewa.

Apa ndi pamene alimi akuno angapukuse mutu. Mu November 2019 dziko lomweli linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko ake, ati chifukwa amalimidwa ndi ana komanso anthu okakamizidwa. Mlanduwo sunali wabodza. Tonse tinawaona ana a matenanti akusoka fodya m'zigafa. Makampani a Alliance One ndi Limbe Leaf anamasulidwa mu 2020, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo kuno inathetsa utenanti. Komabe papepala lamulo lathu la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, pamene mlimi wa ku Kentucky angalembe wa zaka 12 osalakwira lamulo la boma lake lalikulu.