Za Kusuntha Zinthu ndi Maganizo

Mwezi uno tikambe za kamchitidwe kena kamene achinyamata a m'maiko ambiri amakayesa. Munthu atenga singano, naiimika pa chotsekera cha botolo, naika kapepala kopinda pansonga pake. Tsono akhala chete, manja atazinga kapepalako osakakhudza, nafunitsitsa mumtima mwake kuti kazungulire. Azungu amautcha mchitidwewu psychokinesis, ndiko kunena kusuntha chinthu ndi maganizo okha. Ndipo kawirikawiri kapepalako kamazunguliradi! Pamenepo mwana wina ayamba kudzitama kuti ali ndi mphamvu yobisika, wina agwidwa ndi mantha, ndipo anansi ayamba kunong'onezana za ufiti. Mudziwa inu nomwe kuti ana ambiri osalakwa azunzika chifukwa cha mau amenewa.

Nkhaniyi ndi yakale. M'chaka cha 1853 ku London anthu ambiri, ndi ophunzira omwe, ankasonkhana madzulo, naika zala zao pagome, ndipo gomelo linkayenda, iwo nalumbira kuti sanalikankhe. Michael Faraday, katswiri wa zamagetsi, sanawatche onama, pakuti anaona kuti anali anthu oona mtima. Iye anatenga timakatoni tingapo, natisanjikiza, natimata ndi phula lofewa kuti tithe kutsetsereka pang'ono, natiika pakati pa manja ao ndi gome. Gome litayenda anationanso, napeza kuti tam'mwamba tinali titatsogola kuposa tam'munsi, kulowera komwe gome linapita. Taganizani bwino apa. Gome likadayamba lokha, tam'munsi ndito tikadatsogola, manja n'kutsalira m'mbuyo. Manja ndiwo anayamba, eni ake osadziwa.

Sanalekere pomwepo. Anakonza kachipangizo kokhala ndi phesi la udzu, limene linkapendekeka manja akangokankha pang'ono. Anthu aja atakhala akuyang'ana phesilo, nadziletsa nthawi iliyonse likagwedezeka, gome linangoti zii.

Ku France nako, Michel Chevreul, nkhalamba ija inakhala ndi moyo zaka 102, anapachika mphete yachitsulo paulusi, naigwira ndi zala, ndipo inkalendewera uku ndi uku monga ya moyo, iye yemwe nazizwa. Koma atamangidwa nsalu kumaso, mpheteyo inaleka. Analemba zimenezi m'chaka cha 1833. Munthu akayembekeza kuti chinthu chiyende, minofu yake imagwira ntchito mobisa, pang'ono ndithu, kosamveka m'thupi.

Nanga kapepala kaja, poti sikakhudzidwa? Nkopepuka koposa, ndipo pansonga ya singano palibe chokagwira. Manja a munthu ndi ofunda. Mpweya wowazungulira umafunda nawo nukwera m'mwamba, wina wozizira nulowa m'malo mwake, ndipo kamphepo kameneka nkokwanira. Onjezanipo mpweya wotuluka m'mphuno, ndi wolowera pansi pa chitseko.

Chifukwa chake mwana wanu akakuonetsani chozizwitsachi, musam'kalipire, musathamange naye kwa sing'anga, ndiponso musatulutse ndalama kugulira maphunziro amene ena amatsatsa. Khalani naye pansi. Tsekani chitseko, muvundikire singano ndi kapepala komwe ndi tambula yagalasi, mudikire kufikira katakhazikika. Tsono mumuuze abwerere m'mbuyo mapazi atatu, manja ali m'thumba, ayesenso; ndipo mum'patse nthawi yonse imene afuna.