Nkhumba ya tsabola ya ku Korea mu poto wa pulesha

AKULU-AKULU anati mlendo ndiye abwela ndi kalumo kakuthwa. Pa Khrisimasi yathayi mwana wathu wamkazi amene agwila nchito ku Lusaka anafika kuno ku Chama ndi zinthu ziwili m'cola: poto wacitsulo wa civinikilo comanga, amene amati poto wa pulesha, ndi kacitini ka tsabola wofiila wa ku Korea. Tinali titapha nkhumba, ndipo iye anapempha phewa, nyama ija ya mwendo wakutsogolo imene azimai amaidandaula kuti ndi yolimba. Amai ake anaseka nati, "Mwanawe, imeneyo ifuna mtolo wonse wa nkhuni." Patangopita ola limodzi ndi mphindi zocepa, nyamayo inali kunyenyeka ndi supuni. Talemba nkhaniyi cifukwa taona kuti muli phunzilo loposa kukoma kwa pakamwa.

Kuno ku cigwa ca Luangwa ng'ombe n'zocepa cifukwa ca kashembe, ndipo nyama ya m'thengo la Musalangu siili ya munthu wopanda cilolezo. Conco pa ukwati, pa cikondwelelo ca kuchalichi kapena tikatha kukolola mpunga, ndiwo zathu ndi mbuzi, nkhuku ndi nkhumba. Vuto lili pa kaphikidwe. Nkhuni zikacepa, kapena alendo akaculuka, nyama imaphulidwa mkati mukali mofiila. Yoocha ya pamowa ndiye yoposa: kunja yapselela, mkati muli magazi.

Alimi ambili adziwa timatuza toyela tokhala ngati njele za mpunga timene nthawi zina timapezeka m'nyama ya nkhumba. Ena amati masese. Munthu akadya nyama yotele yosapsa bwino, m'mimba mwake mumakula njoka yaitali yonga lamba. Mazila a njokayo amatuluka munthu akacita cimbudzi. Akacitila kuthengo, nkhumba zoyendayenda zimadya mazilawo ndi kugwidwa masese. Coopsa kwambili n'cakuti mazila omwewo akalowa m'kamwa mwa munthu kupyolela m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, timatuzato tingamele mu ubongo, ndipo munthu amayamba kugwa khunyu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'madela ambili kumene njokayi yafala, odwala khunyu 30 pa 100 alionse amadwala cifukwa ca iyo. Akatswili a pa University of Zambia pamodzi ndi anzao a ku Belgium anafufuza ku Katete ndi ku Petauke, napeza kuti vutoli ndi lalikulu m'cigawo cathu ca Kum'mawa. Ndi ana angati amene tinawanenela ufiti, pamene gwelo linali nyama yosapsa ndi kusowa cimbudzi?

Apa ndiye pamene poto wa pulesha athandiza. Nzelu yake ndi yakale: Denis Papin wa ku France anapanga woyamba mu 1679. Mu poto wamba madzi amawila pa madigili 100, nthunzi n'kumathawa. Mu poto uyu nthunzi imatsekeledwa, motelo kutentha kumafika pafupifupi madigili 120 ndipo kumalowa mpaka pakati pa nthuli. Phewa limene lingatenge maola atatu pa mafuwa limapsa mu mphindi 45 kapena 50. Azimai amene amapita kukatola nkhuni kutali, kumene nthawi zina amakumana ndi njovu, adziwa tanthauzo la kusunga theka la mtolo.

Nanga tsabola wa ku Korea uja? Dzina lake ndi gochujang. Ndi phala lolimba lofiila, lowawa koma lotsekemela pang'ono. Amalipanga ndi tsabola wouma wopela, ufa wa mpunga, soya wosasitsa, cimela ca balele ndi mcele, n'kuliika m'mitsuko yadothi pabwalo kwa miyezi. Tsabola si wakwao: anacokela ku America, nafika ku Korea ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Tinadabwa kuona kuti pafupifupi zonsezi tili nazo. Mpunga wa ku Chama ndi wochuka mpaka ku Lusaka, soya timalima, ndipo cimela ca mapila kapena ca mawele ndi cija ca thobwa.

Kacitini kaja katatha tinayesa cathu. Tinaphika phala locepa la ufa wa mpunga, litakhala lofunda tinathilamo madzi osefa a cimela kuti litsekemele monga ticitila ndi thobwa, tinaliwilitsanso mpaka kulimba, kenaka tinaikamo tsabola wosinja, ufa wa soya wokazinga ndi mcele. Sitinganame kuti ndi gochujang weniweni, pakuti silinasase miyezi, koma pa nyama linagwila nchito.

Kaphikidwe kake ndi aka. Tengani makilogalamu 2 a phewa, muyang'ane bwino ngati mulibe masese, ndipo mudule nthuli zazikulu ngati bokosi la macisi. Sakanizani masupuni 4 a phala la tsabola, adyo wosinja, jinja, anyezi awili, supuni imodzi ya uci kapena shuga, ndi mcele pang'ono. Anthu a ku Korea amathilamo msuzi wakuda wa soya ndi mafuta a citowe. Ife tinathila madzi a bwemba ndi citowe cokazinga. Pakani nyama ndi kuisiya pamthunzi theka la ola cabe, pakuti kutentha kwa kuno sikucedwa kuononga nyama. Kazingani nthulizo pang'ono mu poto wosavinikila, thilani makapu awili a madzi, palani zomatilila pansi, ndipo mangani civinikilo. Poto akayamba kulila, cepetsani makala pa mbaula ndi kuwelenga mphindi 45. Phulani, dikilani mpaka nthunzi yonse itatha. Ngati msuzi waculuka, uwilitseni osavinikila mpaka ugwile nyama. Ku Korea amakonda kukulunga nthuli ndi mpunga m'tsamba la ndiwo. Ife tinadyela mpunga masana ndi nsima madzulo. Kwa ana ndi okalamba, cepetsani tsabola.

Poto ameneyu afuna ulemu. Musamudzaze kufika pakamwa: gawo limodzi mwa atatu likhale lopanda kanthu, ndipo ngati ndi nyemba, lekezani pa theka. Musanaphike, penyani kabowo ka nthunzi padzuwa kuti muone ngati sikanatseke, ndiponso onani ngati labala ya civinikilo siinang'ambike. Malawi asafike pa zogwilila. Koposa zonse, musakakamize kutsegula akali kulila, pakuti msuzi ungakuthileni kumaso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana akhale patali.

Tinenenso poyela kuti poto sasandutsa nyama yoipa kukhala yabwino. Tsabola ndi mcele sizingadalilike kupha masese; cimene cimapha ndi moto wofika mkati. Nyama yooneka masese musaigulitse kapena kupatsa mnzanu, koma itanani a zaziweto akulangizeni. Nkhumba yofa ndi cigodola ikwililidwe: matendawa sagwila anthu, koma nyama yake ikayenda m'midzi imakapha nkhumba za ena. Nkhumba zikhale m'khola, khomo lililonse likhale ndi cimbudzi, ndipo manja asambidwe ndi sopo. Amene aona tizidutswa ta njoka m'cimbudzi cake apite ku cipatala, mankhwala alipo. Wakhunyu nayenso apite naye ku cipatala.

Tidziwa kuti poto wotele si wochipa kwa mlimi mmodzi. Koma magulu a azimai osunga ndalama, kapena mphakati, angagule mmodzi ndi kumabwelekana monga ticitila ndi mapoto aakulu a pamalilo. Amene alibe asataye mtima: phewa lomwelo lipsa bwino mu poto wamba, malinga mwalipatsa maola ake atatu. Musanagawe, dulani nthuli yaikulu koposa muone pakati. Ngati pakali pofiila, ibwelele pamoto, ngakhale alendo akhale kale pamphasa.