Nyama ya Nyanga Zinayi

M'nkhalango ya Liwonde, m'mbali mwa mtsinje wa Shire umene umalekanitsa boma la Machinga ndi la Balaka, muli nyama zambiri zanyanga monga mphalapala, ngoma, nswala ndi mbaŵala. Zonsezi zili ndi nyanga ziŵiriziŵiri. Koma kale lomwe mu Afirika munali nyama ina yaziboda imene inali ndi nyanga zinayi. Akatswiri anaitcha dzina lakuti Sivatherium.

Palibe munthu wamoyo amene anaionapo nyamayi, pakuti mtundu wake unatha zaka zikwi mazanamazana zapitazo. Chimene chinatsala ndi mafupa ake okha, amene anasanduka miyala m'nthaka. Mafupa oyamba anapezeka m'mapiri a Siwalik ku India, ndipo Hugh Falconer ndi Proby Cautley anawafotokoza m'chaka cha 1836. Pambuyo pake ena anafukulidwa ku Olduvai m'dziko la Tanzania ndiponso ku Langebaanweg m'dziko la South Africa.

Mafupawo amasonyeza kuti Sivatherium inali chinyama chachikulu ndithu. Kuchokera pansi kufika paphewa inali yopitirira mamita 2, ndipo inali kulemera makilogalamu oposa 1,000. Pamwamba pa maso inali ndi tinyanga tiŵiri, ndipo kumbuyo kwake kunali nyanga zina ziŵiri zazikulu ndi zotambalala. Khosi lake linali lalifupi koma lamphamvu, loyenera kusenza mutu wolemera chotero. Ngakhale khosilo linali lalifupi, mbale wake weniweni wa nyamayi ndi kadyansonga.

Kutha kwa mtundu wonse wa nyama ndi kosiyana ndi kutha kwa nyama pamalo amodzi. Ku Liwonde zipembere zinali zitatheratu, koma m'chaka cha 1993 anabweretsako ziŵiri kuchokera ku South Africa. Zimenezi zinatheka chifukwa kumeneko mbewu yake inali ikalipo. Sivatherium ilibe kwina kokaitenga. Nyama zimene zili ku Liwonde lero zikatha ponseponse chifukwa cha misampha ndi kuononga tchire, nazonso zidzadziŵika ndi mafupa okha.

Mafunso
1. Tchulani nyama zinayi zanyanga zopezeka ku Liwonde.
2. Kodi anthu anadziŵa bwanji maonekedwe a Sivatherium?
3. N'chifukwa chiyani kunatheka kubwezera zipembere ku Liwonde?