KUKONZEKERA ULENDO WOKAŴERENGA MPHIPI KU CHILUMBA CHA BOADZULU

Inu a ku Nchilamwela m'minda ya tiyi ya ku Thyolo munazoloŵera mbalame za m'nkhalango. Lero titsikira kunyanja, tione mmene akatswiri amakonzekerera ntchito yoŵerenga mbalame za m'madzi.

M'boma la Mangochi muli chilumba cha Boadzulu, chopanda mudzi ngakhale umodzi. Chilumbachi ndi mbali ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1980 ndi kuloŵa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Pamenepa mphipi zimamanga zisa zochuluka, ndipo zitosi zake zayeretsa miyala, kotero kuti imaonekera patali.

Kodi nchifukwa ninji munthu angavutike kuŵerenga mbalame? Asodzi akhala akudandaula kuti mphipi zimawathera nsomba. Mlandu wotere suweruzika popanda umboni. Nchifukwa chake Ian Linn ndi Kenneth Campbell anafufuza chakudya cha mphipi za m'Nyanja ya Malaŵi, nasindikiza zimene anapeza mu 1992.

Wopita kumeneko ayambe wapempha chilolezo ku dipatimenti yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire. Chachiŵiri, asamale za mphepo. Mwera umaomba kuyambira mwezi wa May mpaka August, ndipo umautsa mafunde oopsa. Choncho afunefune mwini bwato wodziŵa bwino nyanja, amvere malangizo ake, ndipo aliyense avale jekete yoyandamitsa. Pachilumba palibe sitolo kapena chipatala: atenge ufa, madzi akumwa, mankhwala, chipewa, zoonera patali, kope ndi pensulo, pakuti inki imafufutika ikanyowa.

Koma chachikulu ndi khalidwe lake akafika. Mbalame ikadzidzimuka imathaŵa pachisa. Pamenepo dzuŵa limawamba mazira ndi anapiye, ndipo akhwangwala amapezerapo mwai. Munthu mmodzi wosasamala angathe kuononga m'mphindi zochepa zimene mbalame zavutikira kwa milungu ingapo. Ndiye chifukwa chake katswiri amaŵerenga ali chapatali, mwakachetechete, ndipo amaŵerenga zisa osati mbalame zouluka, poti chisa sichisuntha. Chaka chotsatira abwerenso nyengo yomweyo, naŵerenge mwa njira yomweyo. Akapanda kutero, sangadziŵe ngati mphipi zikuchuluka kapena zikuchepa.