Kodi mumadziwa? Tinthu tokakamira m'khutu, m'mphuno ndi kummero

Kodi mumadziwa kuti ku Philadelphia, m'dziko la America, kuli madirowa odzaza ndi zinthu zochotsedwa kummero ndi m'mapapo mwa anthu? Dokotala Chevalier Jackson ankasunga zomwe watulutsa mwa odwala ake: mapini, mabatani, misomali, makobiri, ngakhale tizidole. Zili ku Mütter Museum, ndipo mutati muwerenge chimodzichimodzi mungapeze 2,374!

Nanga mphemvu imafunanji m'khutu? Imakonda pofunda, pamdima ndi popanikiza, ndiye munthu ali mtulo imangoti lowu, n'kuyamba kupalasa. Chiphokoso chonse chomudzutsa munthu akukuwa chija chimachitikira m'kanjira ka masentimita 2.5 okha.

Timadontho ta mafuta ophikira timaipha mphemvuyo, bola khutulo lisakhale lotuluka mafinya kapena lobooka m'kati. Koma ngati mwana walowetsa nyemba kapena njere ya chimanga, osathiramo madzi, osatokosanso ndi kamtengo ka machesi. Nyemba ikamwa madzi imafufuma mpaka kuwirikiza kawiri!

Mkanda ukalowa m'mphuno, mayi akhoza kuutulutsa ndi mpweya wake. Amatseka ndi chala mbali yomwe mulibe kanthu, n'kuika pakamwa pake pakamwa pa mwana, n'kupemerera kamodzi mwamphamvu. Atafufuza mu 2012 anapeza kuti njirayi imatheka pa ana pafupifupi 60 mwa 100 alionse.

Mwana wanu akutuluka mamina onunkha mbali imodzi yokha ya mphuno? Kawirikawiri si chimfine chimenecho, muli kanthu kamene kabisala, ndipo tinthuti timadziwa kubisala zedi. Bambo wina wa ku Preston, ku England, madokotala ankamuganizira khansa ya m'mapapo, koma anamupeza ndi kachidole kapulasitiki komwe kanamulowa m'phapo ali ndi zaka 7, ndipo kanakhalamo zaka 40!

Ku Massachusetts nako, mu 2010, mkulu wina ankatsokomola osalekeza. Nsawawa inasochera m'phapo, n'kupezamo chinyontho ndi kufunda, basi n'kumera. Pochotsedwa n'kuti mphukira itapitirira sentimita imodzi.

Mtedza nawo muusamale kwa ana osakwana zaka zitatu, chifukwa mano otafunira amakhala asanakwane. Njira yawo ya mpweya mukuidziwa kuchepa kwake? Yang'anani kachala kakang'ono ka mwanayo, ndi pomwepo.

Koma chimene ine chimandiopsa koposa ndi kabatire kozungulira kaja ka m'mawotchi, m'marimoti ndi m'tizidole toimba. Kakangokakamira kummero, mphamvu yake imasandutsa malovu kukhala mankhwala owotcha mnofu, mwana akuoneka bwinobwino, mwina akungodontha dovu. Osadikira kuti kuche, thamangani naye kuchipatala, pakuti mmero umatha kupsa koopsa m'maola awiri okha.

Kodi mumadziwa kuti uchi umachedwetsa kupsako? Mwana wopitirira chaka chimodzi, ngati akutha kumeza, mungamupatse masupuni awiri aang'ono mphindi 10 zilizonse muli m'njira, koma khanda losakwana chaka ayi. Uchiwo suchotsa batire, ndipo osapitirira maulendo 6.

Munga wa chambo ukabaya kummero, ambiri timathamangira mbamu ya nsima. Mbamuyo ikhoza kuukankhira mungawo m'kati mwa mnofu, pomwe wachipatala akanangouzula ndi kopanira. Ukamavutabe pomeza malovu, nkhani yake ndi ya lero lomwelo, osati ya mawa.

Nanga munthu akatsamwa mpaka kulephera kulankhula ndi kutsokomola? Mu 1974 Dokotala Henry Heimlich anafalitsa njira yomugwira kumbuyo, n'kumudinikiza mwamphamvu pamwamba pa mchombo cham'kati ndi cham'mwamba. Mu 2016 mayi wina anatsamwa pa chakudya ku Cincinnati, ndipo amene anadzuka pampando kumupulumutsa anali Heimlich yemweyo, ali ndi zaka 96!